Ufa Wakuda ndi Chifuwa Changa

Chifuwa chinandiyamba mu Juni, m'chaka changa chachiwiri ku Joni, ndipo poyamba sindinachilabadire. Mwezi umenewu aliyense mumzindawu amatsokomola: mu tekisi, m'kalasi, ngakhale m'tchalitchi abusa amadikira kaye kuti mpingo umalize kutsokomola asanawerenge mawu. Ndinagula mandimu ndi jinja kwa mayi wina wogulitsa pamsewu, n'kumapitiriza ntchito yanga.

Ntchito yangayo inali yootcha makala. Ndi mmene amayi anga ku Dedza anaimvera nditawafotokozera pa foni, ndipo sanaphonye kwenikweni. Ndinabwera kuno kudzachita maphunziro apamwamba a kemisitiri pa yunivesite ina, ndipo apulofesa amene ankandiyang'anira, bambo wodekha wa tsitsi la imvi, anandipatsa ntchito yosandutsa zigoba za mtedza wa makademiya ndi zitsononkho za chimanga kukhala makala. Zigobazo tinkakazitenga m'masaka kufakitale ina ku Marlboro, kumene ankangozitaya. Ndinkaziphwanya n'kuziika m'ng'anjo yamagetsi yooneka ngati paipi, yotsekedwa kuti mpweya wamba usalowe, chifukwa ukalowa umangopeza phulusa. Makala akatuluka ndinkawasakaniza ndi mankhwala aukali, achibale ake a soda wopangira sopo, n'kuwabwezeranso pamoto. Mankhwalawo amaboola makala timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Kenako kutsuka, kutsukanso, kuumitsa. Chotsala chimakhala ufa wakuda bii, wopepuka moti ukangopumira pafupi umauluka.

Ufawo tinkaufunira mpweya wa haidirojeni. Mpweya umenewu ukagwira ntchito sutulutsa utsi, umangosiya madzi, ndipo anthu akufuna kuti tsiku lina uziyendetsa mabasi ndi malole. Vuto lake ndi kasungidwe. Ndi wopepuka, wothawathawa, umafuna thanki yokhuthala ndi kuupanikiza kwambiri. Koma ukaulowetsa mu ufa uja pamalo pozizira koopsa, umakakamira m'timabowo tija, ndipo thanki yomweyo imanyamula wochulukirapo. Ine ndinkafufuza kuti ndi chigoba chiti, chootchedwa motani, chimene chimagwira wambiri.

Malamulo ndinkawatsata. Ndinkavala magolovesi ndi masiki, ndipo ufawo ndinkaugwirira m'kabati yagalasi imene imakokera fumbi kunja. Komabe unkapeza njira yake. Madzulo ndinkaupeza m'zikhadabo, m'khosi mwa bulauzi, nthawi zina pansonga ya mphuno.

Patapita masabata angapo chifuwa chija sichinathe. M'mawa wina ndikukonzekera kupita ku labu ndinatsokomola kwambiri mpaka misozi, ndipo nditayang'ana pa tishu ndinaona timizere takuda m'makhololo. Ndinakhala pabedi nsapato imodzi ili kuphazi. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji.

Abambo anga anagwirapo ntchito m'migodi ya kuno ine ndisanabadwe. Ndine chitsiriza m'banja mwathu, choncho abambo amphamvu amene azichimwene anga amawakamba ine sindinawaone. Amene ndinawadziwa ine anali bambo woonda, wa mapewa okwera, amene popita kugolosale ankapumira kaye pamwala wina wa pakati panjira. Pansi pa bedi lawo pankakhala chitini cha phulusa cholavuliramo, ndipo ntchito yokachitaya m'mawa inali yanga. Anamwalira ndili fomu thuu. Kuchipatala anati fumbi la miyala linawaumitsa mapapo, kenako chifuwa chachikulu chinadzangomalizitsa.

Monga munthu wa kemisitiri ndinkadziwa kuti ufa wanga si fumbi la miyala, ndiponso kuti matenda a abambo satenga miyezi, amatenga zaka. Ndinadziuza zimenezo m'tekisi, ndinadziuzanso ndikuvala jasi loyera. Koma nditatsegula kabotolo n'kuona kaufa kakuuluka m'kati mwa galasi, ndinakatsekanso msanga. Ndinkadziwanso kuti chinthu chosalala chotere chikalowa m'mapapo sichituluka msanga. Ndinaganiza za amayi, amene anaika kale m'manda munthu mmodzi wobwera ndi chifuwa kuchokera ku Joni.

Lamlungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi ndinkapita ku Jeppestown kukaona amalume, achimwene awo a amayi. Iwowa anabwera kuno ali mnyamata, ndipo ntchito ya kumgodi itatha sanabwerere kumudzi. Anali ndi kamalo kawo kowotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo, ndipo ankagona m'kachipinda kakuseri kwake. Abambo anga anali mnzawo wa gulu limodzi pansi pa mgodi. Ndi amalume amene anapita nawo kwathu pa tchuthi china n'kukawaonetsa mlongo wawo.

Tsiku limenelo anagula magwinya, mandasi a kuno, n'kuphika tiyi wa mkaka. Ndinayesetsa kupirira, koma tiyi atangondigunda pakhosi chifuwa chinaphulika, ndipo chinatenga nthawi kuti chileke. Nditadzutsa mutu ndinapeza amalume akundiyang'ana, kapu ili m'manja.

"Chifuwa chimenechi chayamba liti?"

"Ndi kuzizira chabe, amalume."

"Sindinafunse chimene chachiyambitsa. Ndafunsa kuti chayamba liti."

"Kumayambiriro kwa mwezi."

"Ukulavula zotani?"

Anadikira yankho langa. Amalume sathamangira mawu.

"Nthawi zina mumakhala zakuda," ndinatero.

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana kunja kumene kunali geti latheka lotsamira khoma, kenako anandiyang'ananso.

"Makala ako aja?"

"Sindikudziwa."

"Abambo ako ndinagona nawo chipinda chimodzi zaka zambiri. Kutsokomola kwawo ndinayamba kukumva ndine, amayi ako asanakumve. Ndinkati ndi kuzizira. Maliro awo sindinapiteko, mapepala anga sanali bwino." Anapukuta manja pa ovolosi. "Mawa tikupita kukiliniki."

Ndinadziwa kuti sakupempha. Koma panali chinthu chimene ndinali nditachisunga mumtima kuyambira pamene ndinafika ku Joni. Amalume nawonso ankatsokomola, kachifuwa kouma kosatha, ndipo akakwera masitepe ankaima pamwamba n'kumanamizira kuti akufunafuna makiyi.

"Ndipita," ndinatero, "koma inunso akakupimeni."

"Ine ayikona. Galimoto yakale supita nayo kwa makaniko, amakaipezera matenda."

"Ndiye inenso sindipita."

"Iwe mwana, usasewere ndi moyo."

"Sindikusewera, amalume. Tipita tonse kapena tikhala tonse."

Amalume anapukusa mutu n'kutola kapu yawo.

"Pakamwa apa watengera amayi ako."

Tinagwirizananso chinthu chimodzi, kuti amayi tisawauze kalikonse mpaka titamva zotsatira.

M'mawa mwake ndinawapeza atafika kale pamzere wa kukiliniki, atavala jekete la suti limene ankavala pa maukwati ndi pa maliro. Kunkazizira moti zala sizinkamveka. Titalowa, nesi anatifunsa mafunso m'Chizulu. Ine Chizulu changa ndi cha mu tekisi basi, chouza dalaivala potsikira, choncho ndinayankha m'Chingelezi. Amalume anayankha m'Chifanakalo cha kumgodi, mokweza ngati akulankhula ndi munthu ali kutali. Nesiyo, mayi wonenepa wa magalasi, anaika cholembera pansi n'kuseka.

"Baba," anatero, "chilankhulo chimenechi ndinachimva komaliza kwa agogo anga aamuna. Munali mgodi uti?"

Anacheza pang'ono, ndipo ndinaona mapewa a amalume akutsika. Anatipatsa timabotolo tolavuliramo, n'kutitumiza kuchipatala chachikulu kukajambulitsa m'chifuwa. Anati tibwerenso Lachisanu.

Sabata imeneyo inali yaitali. Lachiwiri ndinakagogoda kwa apulofesa n'kuwafotokozera zonse. Ndinkaopa kuti aona ngati ndikuimba mlandu labu yawo, koma anangovula magalasi n'kumvetsera mpaka ndinamaliza. Anati ndisagwirenso ufawo mpaka dokotala atanena, ndipo tsiku lomwelo anaitanitsa anthu oti adzayeze kabati yagalasi ija. Anaipeza ikukoka bwinobwino. Zimenezo zinayenera kunditonthoza, koma ndinangoganiza kuti ngati si ufawo ndiye kuti ndi chifuwa chachikulu. Ndinakhala pakompyuta masiku onsewo, kujambula mizere ya zotsatira zakale, maso ali pagalasi koma mutu uli kwina.

Amalume ankaimba foni m'mawa uliwonse. Analibe nkhani. Ankafunsa kuti ndadzuka bwanji, kenako n'kukhala chete, ndipo ndinkadziwa kuti akumvetsera mmene ndikupumira. Amayi ataimba Lachitatu ndinalankhula mwachidulechidule, n'kunamizira kuti ndili m'kalasi, chifukwa chifuwa chinali chitafika kale pakhosi.

Lachinayi masana amalume anatulukira pageti la yunivesite. Anati akufuna aone chinthu chimene chikundidwalitsa. Ndinawapemphera chilolezo, ndinawaveka jasi loyera ndi magalasi otchinjiriza maso, n'kulowa nawo. Ankayenda mosamala, manja ali kumbuyo, ngati munthu walowa m'sitolo ya mbale zagalasi. Ndinawaonetsa thumba la zigoba, ng'anjo, ndi makina amene amaziziritsa ufa n'kuulowetsa haidirojeni. Kenako ndinawapatsa kabotolo kotseka bwino. Anakatembenuza, ufa n'kuyenda m'kati ngati madzi.

"Ndi kameneka?"

"Ndi komweko."

"Thumba lonse lija limatuluka kameneka?"

"Zambiri zimapita ndi moto."

Anakakweza kuwindo n'kukayang'anitsitsa.

"Fumbi lathu la kumgodi linali loyera," anatero. "Nthawi zambiri sunkaliona n'komwe. Unkangolimva m'mano." Anandibwezera kabotoloko. "Ndiye ukuti basi idzayendera zimenezi?"

"Mwina, amalume. Osati posachedwa."

"Ineyo ndidzakwera yachiwiri. Yoyamba akwere ena."

Ndinaseka, ndipo kusekako kunadzutsa chifuwa. Iwo sanaseke. Anaima pambali panga mpaka chinaleka.

Lachisanu anayamba kuitana ine. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wanga, wolankhula mofulumira. Anatembenuza kompyuta kuti ndione chithunzi cha m'chifuwa mwanga, nthiti zoyera ndi mapapo akuda mbali zonse, monga amaonekera pa zithunzi zotere.

"Mapapo anu ali bwino," anatero. "Mulibe chifuwa chachikulu, mulibenso chipsera chilichonse."

Ndinamva mawuwo koma sanalowe. Ndinamuuza za ufa, za timizere takuda, za abambo anga. Anamvetsera, anandipima ndi chomvetsera m'chifuwa, anandiuzitsa mpweya m'kachipangizo kena. Kenako anafunsa kuti ndimagona m'chipinda chotani.

Ndinkakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya mayi wina, kasimenti pansi, kozizira ngati filiji. Chaka chimenecho magetsi ankangothimathima, choncho ndinagula hita ya palafini yogwiritsidwa kale ntchito. Mipata ya pawindo ndinaitseka ndi manyuzipepala, pansi pa chitseko n'kuikapo thaulo, ndipo hitayo inkayaka kuyambira ndikafika mpaka ndikamagona.

"Lawi lake limakhala lotani?" anafunsa dokotala.

"Lachikasu. Nthawi zina limachita kautsi."

"Ku labu mumavala masiki, ufa uli m'kabati. Kunyumba mumapuma mwaye maola ambiri mutatseka paliponse. Mukafika mukayendetse chala pakhoma pamwamba pa hitayo." Anayamba kulemba mankhwala. "Utsiwo ndi kuzizira zakutupitsani njira za mpweya, zili ngati kamphumu. Ndikupatsani kopopera m'kamwa. Hitayo muichotse lero. Hita yotere m'chipinda chotseka imatha kupha munthu ali m'tulo, ndiye muli ndi mwayi kuti inakuchenjezani ndi chifuwa."

Ndinayamba kuseka, chifukwa munthu amene tsiku lililonse amayeza mpweya wolowa m'ng'anjo anali atadzitsekera yekha m'ng'anjo. Kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo dokotala anandikankhira bokosi la matishu. Thupi lonse linalefuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza kuchokera kuphiri.

Nditatuluka amalume anaimirira, chipewa chili m'manja. Anaona maso anga ofiira ndipo nkhope yawo inagwa.

"Ndili bwino, amalume," ndinafulumira kunena. "Mulibe kanthu. Ndi hita."

"Hita?"

"Hita ya palafini ija."

Anakhala pansi pabenchi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Anakhala choncho mpaka nesi anawaitana. Anandipempha kuti ndilowe nawo.

Chithunzi chawo sichinali ngati changa. Ngakhale ine wosadziwa za chipatala ndinaona timadontho toyera kumtunda kwa mapapo onse. Dokotala analankhula pang'onopang'ono ulendo uno, ine n'kumamasulira pamene amalume sanamve. Chifuwa chachikulu analibe. Fumbi la kumgodi linalimo, ndipo linasiya zipsera zimene sizingachoke. Koma sizinali zambiri, ndipo mbali yaikulu ya mapapo inkagwira ntchito. Anati azibwera kudzapimidwa pafupipafupi, asamawotcherere popanda masiki, ndipo anatiuza kumene anthu ogwira ntchito m'migodi kale amakalembetsa kuti athandizidwe.

Amalume anamvetsera zonse atawerama. Kenako anandiuza m'Chichewa kuti, "Umufunse kuti ndatsala ndi nthawi yaitali bwanji."

Ndinamufunsa. Dokotala anawayang'ana m'maso.

"Zimenezo palibe amene angadziwe, baba. Koma mapapo awa mukawasamala angathe kukufikitsani patali. Si a munthu amene akutsanzika."

Nditamasulira, amalume anapuma mpweya wautali, wautali kuposa umene ndinkaganiza kuti angathe.

Tinatuluka dzuwa litafunda. Pakona panali mayi wootcha chimanga, ndipo amalume anagula ziwiri. Tinadyera chiimire, titatsamira mpanda wa kiliniki, matekisi akuliza mahutala mumsewu.

"Kuyambira pamene abambo ako anamwalira," anatero, "Khirisimasi iliyonse ndinkati iyi ndi yomaliza. N'chifukwa chake sindinagule makina atsopano owotcherera. Ndinkati ndigulira ndani."

"Bwanji simunapite kuchipatala kale?"

"Ndinkaopa kuti andiuza tsiku."

Anapitiriza kukukuta chimanga chawo.

Kuchokera pamenepo tinapita kwanga. Amalume anayendetsa chala pakhoma, ndipo chinabwera chakuda. Katani imene ndinkayesa kuti ndinaigula yotuwa, titaitembenuza m'mapindiro ake, inali yoyera. Anazula manyuzipepala onse pawindo, anatsegula chitseko, anakhuthulira palafini m'botolo, n'kunyamula hita ija pamkono. Anati chitsulo chake achipezera ntchito. Madzulo omwewo anabweranso ndi bulangete lawo lolemera, lonunkha chitsulo ndi sopo, ndipo sanalole kuti ndikane.

Asananyamuke tinaimbira foni amayi. Ndinayamba ndi mawu akuti tonse tili bwino, ndiyeno n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi.

"Ndinadziwa," anatero amayi. "Lachitatu lija unkalankhula ngati munthu wabisa mtedza m'kamwa. Wapatse foni achimwene."

Amalume analandira foni n'kuimirira mowongoka. Ndinkamva mawu a amayi ali patali, osalekeza, ndipo amalume ankangoti, "Inde, achemwali. Zoona, achemwali. Ndamva." Munthu wamkulu, wa imvi mutu wonse, akukalipiridwa ndi mlongo wake wamng'ono, koma nkhope ili mwee. Atamaliza anati amayi awalamula kuti apite kumudzi chaka chomwecho, ndipo iwo avomera.

Chifuwa chinatha patapita masiku ochepa. Usiku woyamba umene ndinagona osadzuka n'kutsokomola, ndinadzuka mochedwa mpaka tekisi yanga ya masiku onse inandisiya. Nditabwerera ku labu apulofesa anandigulira masiki olimba kuposa akale, n'kunena kuti ngakhale ufawo sunapalamule ulendo uno, tisauzolowere. Ndinatsegula kabotolo mopanda mantha.

Ntchito inapitirira monga imayendera ntchito yotere, pang'onopang'ono. Zigoba za makademiya zinagwira haidirojeni wochulukirapo kuposa zitsononkho, koma pamalo pozizira koopsa pokha. Ufawo ukangofunda kufika pa kutentha kwa m'chipinda, pafupifupi mpweya wonse unkathawa. Apulofesa anati zimenezo n'zimene aliyense amapeza, ndipo ntchito yathu ndi kusuntha malirewo pang'ono. Sizinandikhumudwitse. Miyezi imeneyo panalibe chimene chikanandikhumudwitsa kwenikweni.

Amalume sanachire, ndipo sadzachira. Pamasitepe amaimabe. Masiki amavala akaona ine, ndipo ndikukayika ngati amavala ndikachoka, chifukwa amati amawatulutsa thukuta pansi pa chipewa chowotcherera. Koma kukiliniki sajomba. Tsiku lawo likafika ndimapempha kuti ndifike mochedwa ku labu, n'kuwaperekeza. Ulendo wathawu ndinawapeza atakhala pabenchi ndi bambo wina wa ku Mulanje, wa ntchito ya ulonda ku Diepsloot, amene anali atabwera koyamba ndipo ankafuna kuthawa pamzere. Amalume anali atamugwira pabondo, akumufotokozera mmene amajambulira m'chifuwa, kuti sizipweteka, umangovula malaya n'kugwira mpweya. Atandiona anandiuza kuti ndidikire kaye panja, akulankhula ndi munthu.